Isozyme, isoenzyme, isoform: kodi ndi chinthu chimodzi?

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni chonde, mayeso a clinical chemistry ayandikira. Mmanotsi a mkalasi analemba isoenzyme, buku lomwe ndabwereka ku layibulale likuti isozyme, ndiye pa kapepala kamene kamabwera mkatoni ya reagent ndaonaponso isoform. Zonsezi ndi chimodzi kapena ndi zinthu zitatu? Mutu wangozungulira

Mphatso: Ndi chimodzimodzi aise usavutike. Enzyme imodzi yamitundu ingapo basi

Yamikani: Awiri oyambawo inde Mphatso, isozyme ndi isoenzyme palibe kusiyana. Koma lachitatulo usaliphatikize msanga, pamenepo ndi pomwe anthu amatayira mamalikisi. Tadala, isozyme ndi lomwe linayamba, analiyambitsa Clement Markert ndi Freddy Møller mu 1959, ku America. Iwowa ankathamangitsa ma enzyme pa gel ndi magetsi ndiye anaona kuti enzyme yomwe aliyense ankaiyesa imodzi ikutuluka mizere ingapo, ndipo mizereyo ikusiyana kutengera chiwalo chomwe achotsa nyamayo. Kenako akomiti yoona za maina a ma enzyme anakonda isoenzyme, nchifukwa chake mabuku azachipatala ambiri amalemba choncho pomwe a genetics ndi a zomera amakonda isozyme. Lemba lililonse, sangakuchotsere

Tadala: Ok zikomo achimwene. Ndiye tanthauzo lake lenileni ndilembe bwanji?

Yamikani: Ma enzyme omwe amagwira ntchito imodzi, kunena kuti reaction yake ndi yomweyo, substrate yomweyo product yomweyo, mthupi la chamoyo chimodzi, koma ndondomeko ya ma amino acid ake ndi yosiyana chifukwa kusiyanako kwachokera ku ma gene. Mawu akuti kwachokera ku ma gene usawasiye, ndiwo mutu wa nkhani. Malamulo a 1976 a IUPAC-IUB, mabungwe oona za mainawa, ananena momveka kuti ngati protein ndi yomweyo koma yangosinthidwa itapangidwa kale, monga kuimata shuga kapena kuidula kumapeto, imeneyo si isoenzyme. Ndipo chifukwa reaction ndi imodzi, EC number, nambala yodziwira enzyme malinga ndi reaction yake, imakhala imodzi, mwachitsanzo ma LDH (lactate dehydrogenase) onse ndi 1.1.1.27

Bambo Nyirenda: Mwaswera bwanji ana anga. Ndaona nkhaniyi ndili pa benchi ndiye ndati ndimalize kaye ma sampo. Yamikani wanena bwino koma Tadala usaloweze chabe, yamba ndi LDH uione ndi maso. LDH imapangidwa ndi ma subunit anayi ogwirana. Ma subunit alipo a mitundu iwiri, H ndi M, lililonse ndi gene yake. Tsono tenga pepala uyese kusakaniza H ndi M mmipando inayi uone zituluka zingati

Tadala: HHHH, HHHM, HHMM, HMMM, MMMM. Zisanu bambo

Bambo Nyirenda: Basi, LDH1 mpaka LDH5 ndi zimenezo. Ife tili kusukulu anationetsa pa labu. Umadontheza seramu pang'ono pa gel, kulumikiza magetsi, kudikira. Ukachotsa suona kanthu, gel ili mbee. Ndiye umathirapo madzi okhala ndi lactate, NAD ndi dye ya tetrazolium nkuika pofunda, pakapita kanthawi timizere tapepo timayamba kuoneka tokha, tisanu, tina tokhuthala tina towonda. Paliponse pamene pali LDH dye imasintha mtundu, ndiye ukuona ndi maso ako kuti ntchito ndi imodzi koma ogwira ntchitoyo ndi asanu ndipo aima malo osiyana. H ili ndi negative charge yambiri nchifukwa chake HHHH imathamanga kwambiri kupita ku anode, mbali ya positive ya magetsi, ndipo lamulo la manambala ndi lomwelo, yofika patali kwambiri ku anode ndiye nambala 1

Mphatso: Ine ndimaganiza kuti 1 ndi chifukwa mtima ndiwofunika kwambiri

Bambo Nyirenda: Ayi mwana wanga ndi liwiro pa gel basi. Taona enzyme ya CK, creatine kinase, nambala 1 ndi BB ya ubongo, MB ya mtima ndi 2, MM ya minofu ndi 3. Lamulo lomwelo

Tadala: Ndiye LDH1 mtima, LDH5 chiwindi ndi minofu eti?

Bambo Nyirenda: Eya koma uwonjezere maselo ofiira a magazi pa LDH1 ndi LDH2, ndipo ichi ndi chomwe chidzakuvute pantchito kuposa mtima. Mmaselo ofiira LDH ndi yochuluka kuposa ka 100 poyerekeza ndi mu seramu. Sampo ikabwera kuchokera ku health centre panjinga yamoto, yakhala padzuwa, yagwedezeka msewu wonse, kapena wotenga magazi anakankha sirinji mwamphamvu singano ili pompo, ukaizunguza pa centrifuge seramu mmalo motuluka yachikasu imatuluka yofiirira. Imeneyo LDH ikwera, potassium ikwera, koma wodwala alibe vuto limenelo, maselo aswekera mu chubu. Ine yotere sindiyeza, ndimabweza atengenso ngakhale ku wodi akwiye

Sisi Thoko: Ndipo timakwiyadi bambo chifukwa mtsempha wa mwana kuupeza kawiri si masewera, koma zoona ndi bwino kubaya kawiri kusiyana ndi kupereka mankhwala pa zotsatira zabodza

Yamikani: Za mtima zija Tadala mmayeso amakonda kufunsa. Munthu wabwinobwino mu seramu LDH2 imakhala yambiri kuposa LDH1. Mtsempha wa mtima ukatsekeka nyama ya mtima nkuyamba kufa, LDH1 imatayikira mmagazi mpaka kuposa LDH2, ndi ija amati flipped pattern. Imachedwa kukwera koma imakhalitsa masiku ambiri, ndiye kale inkathandiza kwa munthu wobwera mochedwa kuchipatala. Ilipo ina yachisanu ndi chimodzi ya gene yakeyake, LDHC, imapezeka mu umuna, koma imeneyo siikhudza za seramu

Sisi Thoko: Ine ndili ndi yanga ya ku maternity. Mayi wa miyezi 8, alibe chikasu, sakuyabwa, BP ili bwino, koma pa LFT, zoyeza za chiwindi zija, alkaline phosphatase (ALP) yakwera pafupifupi kawiri. Mnyamata wina wongoyamba kumene ntchito anafuna kulemba kuti chiwindi chili ndi vuto amutumize kwina, mayi mpaka anayamba kulira poganiza za transipoti ndi ana omwe wasiya kunyumba. Tinamukhazika pansi mnyamatayo kuti ALT, enzyme ya chiwindi, ili bwino, bilirubin ili bwino, ALP imeneyi ikuchokera ku placenta. Miyezi yomaliza ya mimba imakwera ndithu ndipo akachira imatsika yokha. Ndiye mukamaphunzira zimenezi musamaone ngati ndi za pepala chabe, mashini amangokupatsa nambala imodzi, sakuuza kuti yachokera kuti

Tadala: Eeh ndiye kwa ana nawonso ndi choncho? Ndinaona reference range ya ana ndi yokwera

Bambo Nyirenda: Mafupa akukula. Maselo omanga fupa amatulutsa ALP yambiri, mwana wa zaka 13 akhoza kukhala ndi nambala yomwe kwa ine ingakhale yoopsa. Chimodzimodzi wothyoka fupa likamalumikizana, kapena mwana wa rickets. Ukakayika ngati ndi chiwindi kapena fupa pempha GGT, enzyme ina ya chiwindi, ikakwera limodzi ndi ALP ganiza chiwindi ndi njira ya ndulu, ikakhala bwino ganiza fupa. Kale ankatenthetsanso seramu pa 56 digiri, bone isoenzyme imafa msanga, ya chiwindi imapirirako, ya placenta ndiye siimva kutentha ngakhale pa 65

Yamikani: Bambo pepani ndilowererepo pamenepa, chifukwa mwangotchula chenicheni chomwe Tadala anafunsa. Mwati bone isoenzyme. Pa ALP ma gene alipo anayi, ya matumbo, ya placenta, ya germ cell, ndi imodzi yomwe amati tissue nonspecific, ALPL. Ya fupa, ya chiwindi ndi ya impso zonse zimachokera ku ALPL yomweyo, ma amino acid ndi amodzimodzi, zimangosiyana shuga amene wamatidwa pamwamba pake. Ndiye tikatsata lamulo la 1976 lija, ya placenta ndi ya chiwindi ndi ma isoenzyme enieni, koma ya fupa ndi ya chiwindi ndi ma isoform. Nchifukwa chake kapepala ka mkatoni kaja kanalemba isoform

Bambo Nyirenda: Za gene imodzizo sindikukana Yamikani. Koma pita mu labu iliyonse, tsegula mabuku omwe tonse tinaphunzirira, upeza ALP isoenzymes, bone, liver, intestinal, placental, zonse mundandanda umodzi. Madokotala akamapempha amalemba choncho. Ine ndikaimbira foni ku wodi nkunena kuti isoform ya fupa andifunsa kuti mukuti chani bambo. Mawu amapangidwa kuti anthu amvane

Yamikani: Kumvana ndi ku wodi ndikuvomereza. Koma kusiyanitsako kuli ndi phindu ngakhale pa benchi. Chifukwa chiyani ya placenta ndi yosavuta kuipatula koma ya fupa ndi ya chiwindi pa gel zimakhala pafupi mpaka mizere kulowana? Chifukwa protein ndi imodzi. Ndipo ma kit a antibody oyeza ya fupa amagwirako pang'ono ya chiwindi, ndiye munthu wa chiwindi chodwala kwambiri akhoza kuoneka ngati ya fupa yakweranso. Wodziwa kuti gene ndi imodzi sadabwa nazo

Bambo Nyirenda: Apo ndiye wanena za nzeru. Komabe Tadala, aphunzitsi ako akafunsa kuti tchula ma isoenzyme a ALP usasiye ya fupa ati chifukwa Yamikani anati ndi isoform. Tchula zonse, kenako uwonjezere mzere umodzi kuti ya fupa ndi ya chiwindi gene ndi imodzi

Tadala: Ndamva bambo. Ndiye isoform ndi yongosinthidwa itapangidwa kale basi?

Yamikani: Ku clinical chemistry amaligwiritsa ntchito choncho. Koma ukawerenga mapepala a molecular biology isoform ndi lotambalala kwambiri, amatchula protein iliyonse yofanana ndi inzake, kaya yachokera ku gene ina kaya ku gene yomweyo koma mRNA yadulidwa mosiyana, ndipo siliyenera kukhala enzyme. Troponin ili ndi ma isoform, ya mtima ndi ya minofu, koma sunganene kuti isoenzyme ya troponin chifukwa troponin si enzyme. Ichi ndiye cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri

Mphatso: Nanga G6PD, enzyme ija yoteteza maselo ofiira? Paja kuli B, A ndi A minus. Amenewo ndi ma isoenzyme eti

Yamikani: Funso labwino. Amenewo dzina lawo lenileni ndi allozyme. Ona kusiyana kwake, LDH1 mpaka LDH5 iwe uli nazo zonse, ine ndili nazo zonse, chifukwa ma gene a H ndi M tonse tili nawo. Koma G6PD gene ndi imodzi, ili pa X chromosome, ndipo chomwe chimasiyana ndi mtundu wa gene imene munthu watengera kwa makolo. Mwamuna ali ndi X imodzi ndiye amakhala ndi mtundu umodzi basi, mkazi akhoza kukhala ndi iwiri. A imasiyana ndi B pa amino acid imodzi, imathamanga kwambiri pa gel koma ntchito imagwira pafupifupi bwinobwino. A minus ili ndi kusintha kwachiwiri pamwamba pa kumeneko, enzyme yake siikhalitsa, maselo ofiira akamakalamba imatha mphamvu, ndipo ndi imene yafala kuno ku Africa kumwera kwa Sahara

Sisi Thoko: Ndi aja amati akamwa mankhwala ena mkodzo nkuda, maso chikasu, magazi kutsika tsiku limodzi

Wongani: Omwewo asisi. Primaquine, dapsone, nthawi zina nitrofurantoin. Akuluakulu pano akukumbuka Lapdap, mankhwala a malungo aja a chlorproguanil ndi dapsone, anali otchipa ndipo anthu anali nawo chiyembekezo pamene Fansidar inkafooka, koma anachotsedwa mu 2008 chifukwa cha kuswa magazi kwa ana a G6PD yochepa

Mphatso: Ndiye ndikalemba kuti G6PD A minus ndi isoenzyme ndalakwa?

Yamikani: Zitengera wochonga. Lamulo la 1976 lija linawaika ma allelic variant mkati mwa ma isoenzyme chifukwa kusiyanako ndi kwa ku gene ndithu. Koma a genetics amawapatula, kwa iwo isozyme ndi ma gene osiyana, allozyme ndi gene imodzi ma allele osiyana. Ndipo ali ndi chifukwa, ntchito yawo yonse inagona pamenepo. Mu 1966 Lewontin ndi Hubby anachita zimenezi pa ntchentche za Drosophila, Harry Harris ku London anachita pa anthu chaka chomwecho, ndipo onse anapeza kuti kusiyana kwa ma gene pakati pa zamoyo za mtundu umodzi ndi kochuluka kuposa mmene aliyense ankaganizira. Nthawi imeneyo kuwerenga DNA kunalibe, gel ndi dye ndiye anali maso awo. Ine ndingalembe allozyme, palibe angakutsutse

Chikondi: Ndalowa mochedwa ndawerenga zonse. Ine funso langa ndi la mRDT, kit yoyezera malungo mwachangu ija. Ma kit ena amagwira pLDH ya kachilombo ka malungo. Ndiye pLDH ndi isoenzyme ya LDH yathu? Poti reaction ndi yomweyo

Bambo Nyirenda: Ayi, bwerera ku tanthauzo lija, mthupi la chamoyo chimodzi. Plasmodium ndi chamoyo china, iwe ndi china, ngakhale ali mmagazi mwako. Ndi LDH inde koma ndi yake. Ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu moti antibody ya pa kit imagwira yake osakhudza yako, pakanapanda apo aliyense akanatuluka positive poti tonse LDH tili nayo yodzaza mmaselo ofiira

Chikondi: Koma ndinaona pena analemba pLDH isoforms

Yamikani: Amatanthauza ya falciparum, ya vivax ndi ena, ndi kalembedwe kotayirira kaja. Mawu oyenera a enzyme imodzi mu zamoyo zosiyana ndi ortholog. Koma poti watchula, ubwino wa pLDH ndi woti imapangidwa ndi tizilombo tamoyo, munthu akamaliza LA imatha mmasiku ochepa, pomwe HRP2, protein ina ya kachilomboka imene ma kit ambiri amagwira, imatsalira milungu ingapo

Sisi Thoko: Ichi chokha chimativuta tsiku ndi tsiku. Mwana anamwa LA milungu iwiri yapitayo, wabweranso ndi kutentha thupi, mRDT positive, mayi akufuna LA wina, pomwe mwina ndi chibayo kapena khutu. Timapempha microscopy koma si paliponse pali maikulosikopu ndi munthu woidziwa

Tadala: Ine chomwe sindikumvetsabe nchakuti thupi limavutikiranji kupanga ma enzyme angapo a ntchito imodzi. Imodzi siyokwana?

Yamikani: Apa ndiye pokoma, ndipo ukamvetsa ichi zina zonse zilowa zokha. Tenga hexokinase ndi glucokinase. Onse amatenga glucose nkumuika phosphate, glucose 6 phosphate, reaction imodzi. Hexokinase I ili mu ubongo ndi ziwalo zambiri, Km yake, mlingo wa shuga womwe enzyme imafikira theka la liwiro lake, ndi yochepa kwambiri, pansi pa 0.1 mM, pomwe shuga wa mmagazi amakhala cha mma 5 mM, ndiye kaya wadya kaya wagona ndi njala iyo ikugwira ntchito pa liwiro lake lonse, ubongo sudikira. Ndipo product ikachuluka imaima yokha, siitenga zoposa zomwe selo likufuna. Glucokinase, yomwe ndi hexokinase IV, ili mchiwindi ndi mma beta cell a pancreas, imafika theka la liwiro lake shuga akafika cha mma 8 mM, ndipo glucose 6 phosphate siyiimitsa. Zili ngati mbale ndi nkhokwe, mbale imalandira nsima tsiku lililonse ngakhale mwezi wa February, nkhokwe imalandira pokhapokha pokolola. Ukadya nsima yambiri shuga nkukwera chiwindi chimayamba kututa nkusunga ngati glycogen, shuga akatsika chimasiya kuti otsalayo apite ku ubongo. Chikanakhala ndi hexokinase I bwenzi chikulimbirana shuga ndi ubongo nthawi ya njala

Tadala: Aaa ndiye nkhani ndi Km

Yamikani: Km, Vmax, chomwe chimaiimitsa, malo omwe ili mu selo, msinkhu womwe imapangidwa. Mu pancreas glucokinase yomweyo ndi imene imauza beta cell kuti shuga wakwera tulutsa insulin. Anthu obadwa ndi gene yake imodzi yofooka shuga wawo amakhala wokwererako pang'ono moyo wonse, ndi ija amati MODY 2, ambiri safuna ngakhale mankhwala

Mphatso: Amylase nayo eti, ya malovu ndi ya pancreas

Bambo Nyirenda: Eya, AMY1 ndi AMY2. Mwana wa matsagwidi amylase imakwera koma mimba ilibe kanthu, yachokera mmasaya. Nchifukwa chake pa pancreatitis lipase ndi yodalirika kuposa amylase

Wongani: Ife a ku pharmacy mawu amenewa timakumana nawo mbali ziwiri. Yoyamba ndi COX-1 ndi COX-2, amenewa ndi ma isoenzyme osakayikitsa, ma gene awiri reaction imodzi yopanga ma prostaglandin. COX-1 ilipo nthawi zonse, imateteza khoma la chifu ndi kuthandiza ma platelet, COX-2 imadzuka kwambiri pakakhala kutupa. Brufen, diclofenac, indocid amamenya onse awiri, nchifukwa chake agogo omwe amagula indocid pa grocery tsiku lililonse chifukwa cha mawondo amadzabwera ndi zilonda za mmimba, chimbudzi chakuda. COX-2 itadziwika cha mma 1991 makampani anathamangira kupanga mankhwala omenya iyo yokha, celecoxib, rofecoxib. Mimba anaitetezadi koma rofecoxib, Vioxx ija, anaichotsa pamsika mu 2004 chifukwa inkachulukitsa matenda a mtima ndi sitiroko. Ndiye kudziwa isoenzyme kumakupatsa mankhwala olunjika koma inayo uli kuisiya nayo ili ndi zochita zake

Wongani: Yachiwiri ndi ma CYP, ma enzyme ophwanya mankhwala mthupi. Pa kapepala kalikonse ka mankhwala mupeza CYP3A4 isoenzyme, CYP2D6 isoenzyme. Apa Yamikani utiuze, ndi zolondola?

Yamikani: Ine ndimaona kuti ndi kukokera mawu. CYP3A4 ndi CYP2D6 ndi a banja limodzi inde, onse amaika oxygen pa mankhwala, koma aliyense ali ndi mankhwala ake omwe amaphwanya, si reaction imodzi ngati LDH. Ambiri olemba mosamala amangoti CYP enzymes kapena isoforms. Koma zinazolowereka moti sizingachoke

Wongani: Kwa ife sizisokoneza bola dzina la CYP lalembedwa. Chomwe ndimafuna anthu asiyanitse ndi ichi, CYP2B6 ndi CYP3A4 ndi ma gene awiri, koma mkati mwa CYP2B6 momwemo muli mitundu, ija Yamikani wati allozyme. Mukukumbuka nthawi ya 5A, ma ARV aja okhala ndi efavirenz, anthu ena ankadandaula chizungulire, maloto oopsa, kumva ngati aledzera, pomwe anzawo pa mankhwala omwewo ali bwinobwino? Efavirenz amaphwanyidwa ndi CYP2B6, ndipo mtundu wochedwa wa enzyme imeneyi ndi wofala mwa anthu akuda, ndiye mankhwala ankachuluka mmagazi. Anthu ankanenedwa kuti akungodandaula pomwe nkhani inali ya chibadwa. Chibwerere 13A ya dolutegravir madandaulo amenewo anachepa

Sisi Thoko: Zoona, ena mpaka ankasiya kumwa osanena

Bambo Nyirenda: Ndiwonjezere kamodzi ka ku parasitology poti Chikondi amakonda kumeneko. Ukaona cyst ya Entamoeba pa stool, ma nucleus anayi, sungadziwe ngati ndi histolytica yoyambitsa kamwazi kapena dispar yosavulaza, pa maikulosikopu ndi zofanana ndendende. Amene anayamba kuonetsa kuti ndi magulu awiri ndi Sargeaunt ku London cha mma 1978, poyerekeza mizere ya ma isoenzyme, gulu la mizere yofanana ankalitcha zymodeme, ndipo mu 1993 dispar inavomerezedwa kuti ndi mtundu pawokha. Njira yomweyo anaigwiritsa ntchito pa ma trypanosome a kaodzera. Nchifukwa chake pa ripoti timalemba histolytica/dispar, osati histolytica yokha

Chikondi: Ndimangolemba poti anatiuza choncho, chifukwa chake ndachidziwa lero

Tadala: Bambo funso lomaliza, la CK. Tili pa attachment ndinaona zotsatira CK-MB yaposa total CK. Zingatheke bwanji gawo kuposa chonse?

Bambo Nyirenda: Sizingatheke mthupi, zimatheka mu kit. CK ili ndi ma subunit awiri, M ndi B. Ma kit ambiri otchipa amagwiritsa ntchito immunoinhibition, muli antibody yomwe imatseka M yense, ndiye chotsala chikugwira ntchito ndi B. Mashini amayeza B ameneyo nkuchulukitsa kawiri, poganiza kuti B aliyense ali ndi M wake pambali ndipo BB mmagazi mulibe. Tsono wodwala akakhala ndi BB, monga wovulala mutu, wakhanda, kapena khansa zina, kapena ali ndi ija amati macro CK, palibe chotsekedwa, ndiye ukachulukitsa kawiri nambala iposa total. Sampo yofiirira ija nayonso imanamiza kit imeneyi. Ukaona zotere usatulutse ngati heart attack, imbira dokotala umufotokozere, ngati troponin ilipo ayeze imeneyo

Yamikani: Ndipo pa CK pomwepo pali chitsanzo choyera cha isoform. MM ikalowa mmagazi enzyme ina, carboxypeptidase, imadula lysine wa kumapeto kwa M, ndiye pa gel yabwino MM imagawika patatu, yosadulidwa, yodulidwa mbali imodzi, yodulidwa mbali zonse. MM, MB, BB ndi ma isoenzyme, koma timagulu ta mkati mwa MM ndi ma isoform. Za nthawi uloweze, MB imayamba kukwera pakatha maola 4 mpaka 6, pachimake cha mma 24, pofika masiku awiri kapena atatu yabwerera. Kuyambira 2000 troponin ndiye inatenga malo oyamba, koma poti MB imatsika msanga imathandizabe kuona ngati mtima wagwidwanso kachiwiri mmasiku omwewo

Mphatso: Nanga munthu wa kabaza kapena woumba njerwa, total CK yake siikhala yokwera kale?

Bambo Nyirenda: Imakhala yokwera, makamaka akagwira ntchito yolemetsa dzulo lake, komanso anthu akuda CK yathu imakhala yokwererapo kuposa ma range omwe amabwera mu kit ochokera ku Ulaya. Imeneyo ndi MM. Minofu ili ndi MB pang'ono, 1 kapena 2 peresenti, ndiye total ikakwera kwambiri MB imakweranso pa nambala koma ukaigawa ndi total peresenti imakhalabe yochepa. Chimodzimodzi wokomoka ndi khunyu, womenyedwa, ngakhale wobayidwa jakisoni wa pathako. Sisi Thoko muwauze anzanu ku wodi, akabaya diclofenac wa IM munthu wa chifuwa chopweteka kenako nkutumiza magazi a CK, alembe pa fomu kuti wabayidwa ndi nthawi yake

Sisi Thoko: Ndikanena pa handover mawa mmawa. Koma mafomu ake malo olembapo ndi ochepa bambo, tizilemba kumbuyo muzitembenuza

Bambo Nyirenda: Lembani kumbuyo tidzatembenuza, nthawi yotengera magazi muikenso pomwepo